Parishi ya Angilikani: mpingo umene umapemphera wansembe ali paulendo

Mawu akuti parishi, amene anachokera ku Chigiriki n'kudzafika kuno kudzera m'Chingerezi, amatanthauza dera limene laikidwa m'manja mwa wansembe mmodzi kuti aziyang'anira moyo wauzimu wa anthu okhalamo. Mumpingo wa Angilikani dera limeneli ndilo maziko a dongosolo lonse, popeza maparishi angapo amapanga chigawo choyang'aniridwa ndi wansembe wamkulu wotchedwa archdeacon, zigawo zotere zikaphatikizana zimapanga dayosizi imene mutu wake ndi bishopu, ndipo madayosizi angapo amakhala pansi pa akibishopu mmodzi. Madayosizi anayi a m'Malawi, omwe ndi Northern Malawi, Lake Malawi, Upper Shire ndi Southern Malawi, akhala ali pamodzi ndi a ku Zambia, Zimbabwe ndi Botswana m'chigawo chachikulu cha Central Africa chimene chinakhazikitsidwa mu 1955. Ku England, kumene dongosololi linakulira, dziko lonse linagawidwa m'maparishi oposa 12,000, ndipo kwa zaka mazana ambiri mudzi uliwonse unali ndi tchalitchi chake ndi wansembe wake, moti munthu ankatha kumva belu ali pakhomo pake n'kukafika mapemphero asanayambe. Parishi ya kumudzi ku Malawi ili ndi maonekedwe ena. Imakhala ndi tchalitchi chachikulu chimodzi pamene pali nyumba ya wansembe, komanso matchalitchi ang'onoang'ono a nthambi, nthawi zina khumi kapena kuposerapo, omwazikana mtunda wa makilomita ambiri, kotero kuti Lamulungu lililonse Akhristu a matchalitchi ambiri a m'parishimo amapemphera wansembe wawo ali kwina.

Chiyambi cha maonekedwe amenewa chili m'mbiri ya mpingowu. Pa 4 Disembala 1857, David Livingstone analankhula ku yunivesite ya Cambridge kupempha kuti ena apitirize ntchito imene iye anaiyamba mu Africa, ndipo pempholi linabala bungwe la Universities' Mission to Central Africa, lodziwika mwachidule kuti UMCA. Bishopu wake woyamba, Charles Frederick Mackenzie, anafika ku Magomero mu 1861, koma anamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862 pafupi ndi pamene mtsinje wa Ruo umathira mu Shire, ndipo wolowa m'malo mwake, William Tozer, anasamutsira mishoniyo ku Zanzibar mu 1864. Amishoni atabwereranso patapita zaka pafupifupi makumi awiri, anadzera kum'mawa kwa nyanja, ndipo mu 1885 anakhazikika pachilumba cha Likoma chifukwa chinali chotetezeka ku nkhondo ndi kugwidwa kwa akapolo kumene kunali kumtunda. William Percival Johnson, wansembe amene anakhala m'mbali mwa nyanjayi zaka zoposa makumi anayi, anaona kuti njira yofikira midzi ya m'gombe inali ya pamadzi, choncho mishoni inagwiritsa ntchito sitima, poyamba Charles Janson ndipo kuyambira 1901 Chauncy Maples, imene inatchulidwa dzina la bishopu amene anamira m'nyanjayi mu 1895. Sitimayo inali tchalitchi, sukulu ndi nyumba ya wansembe pa nthawi imodzi. Inkakocheza pamudzi, wansembe n'kutsika kukayesa ophunzira, kumva olapa, kubatiza ndi kuchita Misa, kenaka n'kunyamuka, kusiya mphunzitsi wa komweko kuti asunge sukulu ndi mapemphero kufikira ulendo wina. Sitima zija zinasiya ntchitoyi kalekale, ndipo m'malo mwake munalowa njinga yamoto, koma kagawidwe ka ntchito kakadali komweko: wansembe amayenda, ndipo amene amatsala ndi anthu ndi munthu wosadzozedwa.

Chimene chimalemetsa nkhaniyi ndi mtundu wa Chiangilikani chimene UMCA inabweretsa. Amishoni ake anali ana a gulu la Oxford Movement, limene linayamba mu 1833 ndi cholinga chobwezeretsa mumpingo wa ku England miyambo yakale ya masakramenti, ndipo n'chifukwa chake mlendo wolowa m'tchalitchi cha Angilikani ku Nkhotakota, ku Malindi kapena ku Likoma amatha kuyesa kuti walowa m'tchalitchi cha Katolika. Amapeza makandulo paguwa, anyamata otumikira ovala mikanjo, utsi wa lubani pa masiku aakulu, anthu ogwada ndi kudzilemba chizindikiro cha mtanda, ndipo amamva wansembe akutchedwa Bambo ndi mapemphero akutchedwa Misa. Pa chikhulupiriro chimenechi, phata la moyo wa mpingo ndi Ukaristia, kutanthauza mwambo wodalitsa mkate ndi vinyo ndi kuzilandira monga thupi ndi magazi a Khristu, ndipo mwambowu sungachitike popanda wansembe wodzozedwa ndi bishopu. Apa ndi pamene pali vuto limene parishi iliyonse ya kumudzi imakhala nalo chaka chonse: mpingo umaphunzitsa kuti chakudya chenicheni cha Mkhristu chili paguwa, komabe Akhristu a kunthambi yakutali angathe kudikira mwezi wathunthu, ndipo nthawi ya dzinja, misewu ikaterera ndi mitsinje ikadzaza, miyezi iwiri kapena itatu, asanalandire.

Mpata umenewu amautseka ndi akatekisti pamodzi ndi atumiki ena osadzozedwa amene bishopu amawapatsa chilolezo chotsogolera mapemphero ndi kulalikira. Katekisti ndi mphunzitsi wa chikhulupiriro, ndipo kawirikawiri amakhala mlimi kapena msodzi wa m'mudzi momwemo, amene amadziwa banja lililonse ndi mikangano yake. Lamulungu limene wansembe palibe, iyeyu amatsogolera Mapemphero a M'mawa kapena gawo loyamba la Misa, limene lili ndi kuvomereza machimo, mawerengo a m'Baibulo, ulaliki, chikhulupiriro ndi mapembedzero, n'kulekeza pamene pemphero lodalitsa mkate likanayambira. Kuti mapemphero otere atheke popanda wansembe ndi mphatso ya buku la mapemphero, limene ndi chizindikiro chachikulu cha Aangilikani pa dziko lonse. Akibishopu Thomas Cranmer wa ku Canterbury, polemba Book of Common Prayer loyamba mu 1549, anatenga mapemphero amene amonke ankachita kangapo usana ndi usiku n'kuwafupikitsa kukhala awiri okha, a m'mawa ndi a madzulo, m'chilankhulo cha anthu wamba, ndipo anakonza kuti Masalimo onse 150 aziwerengedwa mwezi uliwonse. Iye ankaganizira mlimi wa ku England amene sankamva Chilatini, koma chimene anakonzacho chinadzathandiza mphunzitsi wa m'gombe la nyanja ya Malawi, amene atakhala ndi buku m'manja ankatha kutsogolera anthu popanda kupeka mawu akeake. Mbiri yolembedwa imakonda kutchula mabishopu ndi zaka zawo, koma aliyense woyang'ana mosakondera ayenera kuvomereza kuti mpingowu unazika mizu chifukwa cha aphunzitsi amenewa, ambiri mwa iwo ophunzitsidwa pa St Michael's College imene inayambira ku Kobwe, tsidya la Mozambique. Mwa aphunzitsi otere ndi mmene munachokera ansembe oyamba a kuno, monga Yohana Abdallah, Myao amene anadzozedwa unsembe mu 1898 n'kutumikira ku Unangu, ndi Leonard Kamungu, Mchewa amene anadzozedwa unsembe mu 1909, n'kupita kukayambitsa ntchito ku Msoro m'dziko limene lero ndi Zambia, kumene anamwalirira mu 1913. Sukulu yosulira ansembe ya ku Zomba imatchedwa dzina lake.

Sabata ya wansembe weniweniyo imayamba ndi mapemphero a m'mawa, amene malamulo a mpingo amamuyembekezera kuchita tsiku lililonse kaya pali anthu kaya palibe, ndipo m'maparishi ambiri mumakhalanso Misa ya pakati pa sabata imene amafikako ndi okalamba ndi amayi ochepa. Dzuwa likakwera, khonde la nyumba yake limasanduka bwalo. Amabwera makolo ofuna kalata ya ubatizo ya mwana, achinyamata ofuna kulembetsa ukwati, ankhoswe amene banja la mbale wawo lagwedezeka, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya mishoni ndi nkhani ya denga lowonongeka, komanso wosauka amene alibe ndalama yoyendera kupita kuchipatala. Ukwati wa mumpingo umalengezedwa m'tchalitchi Lamulungu katatu usanamangidwe, kuti wodziwa choletsa anene, ndipo wansembe wanzeru samanga ukwati asanakhale pansi ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri, podziwa kuti banja likadzavuta iwowa ndiwo adzayambe kuitanidwa iye asanamve n'komwe. Madzulo amayendera odwala, atanyamula mkate wodalitsidwa ndi mafuta odzozera. Mosiyana ndi amishoni a UMCA, amene ankakhala osakwatira ndi kulandira ndalama zochepa chabe, wansembe wa lero amakhala ndi mkazi ndi ana ofuna fizi, ndipo mkazi wakeyo amayembekezeredwa kutsogolera amayi a m'parishi ngakhale palibe amene anamufunsa ngati akufuna kutero, kapena kumulipira pa ntchitoyo.

Palibe ntchito imene imadya nthawi ndi mphamvu za parishi ngati maliro, ndipo palibenso pamene anthu a m'mudzi amauyesera mpingo ngati pamenepa. Uthenga ukangomveka, zonse zimene zinakonzedwa tsikulo zimaima. Amayi a Mothers' Union, bungwe limene Mary Sumner analiyambitsa ku Old Alresford ku England mu 1876 ndipo kuno limadziwika ndi yunifolomu ya buluu ndi yoyera, ndiwo amayamba kufika pasiwa, kukhala ndi ofedwa, kuimba usiku wonse, kutunga madzi ndi kuphika, pamene abambo akusonkha chipepeso ndi kukambirana ndi adzukulu za manda. Mwambo wa maliro uli ndi eni ake awiri, chifukwa manda ndi a mfumu ndipo mapemphero ndi a mpingo, kotero wotsogolera mapemphero, kaya ndi wansembe kaya ndi katekisti, amayenera kudziwa nthawi yoyankhula ndi nthawi yodikira kuti a mfumu ndi akubanja amalize zawo. Nkhani imene imapweteka mitima, ndipo siili mu Angilikani mokha, ndi ya womwalira amene anasiya kupemphera kapena kupereka, chifukwa akuluampingo ena amafuna kuyamba ayang'ana m'kaundula asanavomere kuimba maliro ake. Maganizo awo ndi omveka, popeza safuna kuti mpingo usanduke bungwe loika maliro basi, koma banja limene lakanizidwa nyimbo pa tsiku lachisoni silidzaiwala, ndipo chiphunzitso chakale cha parishi, chakuti wansembe ali ndi udindo pa aliyense wokhala m'dera lake, chimatsamira kumbali ya chifundo.

Amayi omwewa ndiwo amasesa ndi kuzira tchalitchi, kuchapa nsalu za paguwa, kulangiza atsikana ndi maanja atsopano, kuyendera amasiye ndi kulandira alendo bishopu akabwera, ndipo m'matchalitchi ambiri ndiwo amadzaza mabenchi. Ngakhale zili choncho, chigawo cha Central Africa chinakhala zaka zambiri chikukana kudzoza akazi unsembe pamene zigawo zoyandikana nazo, monga cha ku South Africa, zinali zitayamba kale, ndipo munali mu 2023 pamene sinodi ya chigawochi, womwe ndi msonkhano waukulu wa mabishopu, ansembe ndi nthumwi za Akhristu wamba, inalola kuti dayosizi yofuna kutero itero. Nkhaniyi imakambidwa ngati ya chiphunzitso, koma kwa nthambi imene imaona Misa kamodzi pa miyezi iwiri ndi nkhaninso ya kuchuluka kwa manja okhoza kuima paguwa.

Ulamuliro wa parishi suli m'manja mwa wansembe yekha. Chaka chilichonse Akhristu amakhala ndi msonkhano wosankha akuluampingo otchedwa ma warden, amene ntchito yawo ndi kusunga katundu wa tchalitchi, kuonetsetsa bata pa nthawi ya mapemphero ndi kuimira anthu pamaso pa wansembe ndi bishopu, komanso kusankha khonsolo ya parishi yokhala ndi mlembi ndi msungichuma. Pansi pa khonsoloyi pali magulu a mabanja oyandikana, amene m'madera ambiri amatchedwa milaga, omwe amakumana m'makomo pakati pa sabata kuti awerenge Baibulo, kupemphera ndi kudziwitsana za odwala, ndipo ndi kudzera m'maguluwa kumene zopereka zapadera zimasonkhedwa. Nkhani imene imatenga nthawi yaitali pa misonkhano ya khonsolo ndi ya ndalama. Parishi iliyonse imapatsidwa mlingo wa ndalama zoti izitumiza kudayosizi, zimene anthu amazitcha kota, ndipo kuchokera pa zopereka za Akhristu ndi pamene pamayenera kutuluka malipiro a wansembe, mafuta a njinga yake, vinyo ndi makandulo. Kwa zaka pafupifupi zana, mtolo umenewu unkasenzedwa kwakukulukulu ndi abwenzi a ku England, ndipo Akhristu anazolowera kuti sukulu, mankhwala ndi wansembe zimachokera ku mishoni. Kuyambira nthawi ya Bishopu Donald Arden, amene anafika mu 1961, ndi Josiah Mtekateka, Mmalawi woyamba kukhala bishopu mu 1965, mpingo wakhala ukuphunzira kudzidalira, ngakhale ubale ndi akunja, monga wa dayosizi ya Birmingham umene unayamba mu 1966, ukadalipo. Kumudzi ndalama imayendera nyengo. Miyezi ya Januwale mpaka Malichi, pamene nkhokwe zatha ndipo chimanga chikadali m'munda, mbale ya chopereka imapepuka, ndipo Lenti, nyengo ya masiku makumi anayi ya kusala ndi kulapa Pasaka asanafike, imapeza mabanja ambiri akudya kamodzi pa tsiku kale. Mlaliki amene amadziwa anthu ake amasamala mmene angalankhulire za kusala kudya kwa anthu otere. Zokolola zikalowa, parishi imachita mwambo wa masika, pamene matumba a chimanga, mpunga, mtedza, nkhuku ndi mbuzi zimabweretsedwa kuguwa n'kugulitsidwa, ndipo ndalama ya tsiku limeneli ndi imene nthawi zambiri imatseka ngongole ya kota ndi kugula malata.

Maparishi ambiri akale ali pakati pa Asilamu, chifukwa UMCA inamanga mishoni zake ku Nkhotakota, kumene kunali likulu la Jumbe, mfumu ya Chisilamu, ndiponso m'dera la Ayao ku Mponda, Malindi ndi Malosa. Kumeneko Chikhristu ndi Chisilamu zimakumana m'banja limodzi, pamene mwana wa mlongo ndi Mkhristu ndipo malume ake ndi Msilamu, ndipo onse amakhala pamphasa imodzi pa maliro ndi pa ukwati. Zipatala za St Luke's ku Malosa, St Martin's ku Malindi, St Anne's ku Nkhotakota ndi St Peter's ku Likoma zimalandira wodwala aliyense, ndipo sukulu za mpingo zimaphunzitsa ana a zipembedzo zonse, ngakhale kuti nthawi zina pamabuka kusamvana pa za mavalidwe ndi maphunziro a chipembedzo m'sukuluzo. Wansembe wa parishi yotere amaphunzira msanga kuti ulemu umene amapereka kwa shehe ndi kwa mfumu ya Chisilamu ndi mbali ya utumiki wake.

M'tauni zinthu zimasinthako. Maparishi a ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu amakhala ndi Misa Lamulungu lililonse, kawirikawiri ya Chingerezi m'mamawa ndi ya Chichewa pambuyo pake, ndipo ambiri mwa Akhristu ake ndi ana ndi adzukulu a anthu a ku Likoma, Chizumulu, Nkhotakota ndi Mangochi amene anabwera kudzagwira ntchito, monga mmene anzawo ena anatengera mapemphero a kwawo ku migodi ya ku Zambia, Zimbabwe ndi South Africa. Kumeneko mkangano umakhala wa kayimbidwe ndi kapempheredwe, popeza achinyamata amene amamva maulaliki a mipingo ya Chipentekoste pa wailesi ndi pa foni amafuna makwaya a zing'wenyeng'wenye, mapemphero a usiku wonse ndi kupempherera odwala mokweza mawu, pamene achikulire amasunga nyimbo zakale zoimbidwa mofatsa ndi bata la paguwa. Maparishi ambiri apeza njira yosungira zonse ziwiri, ndipo Misa ya maola atatu yokhala ndi lubani kumayambiriro ndi kuvina pa nthawi ya chopereka si yachilendonso.

Tsiku limene nthambi zonse zimaonana maso ndi maso ndi la kubwera kwa bishopu, kawirikawiri kamodzi pa chaka, kudzachita sakramenti la kulimbitsa, pamene amasanjika manja pamitu ya obatizidwa amene aphunzira katekisimu kuti akhale Akhristu okhwima ndi kuyamba kulandira Ukaristia. Ana amene katekisti wakhala akuwaphunzitsa miyezi yambiri pansi pa mtengo amayenda wapansi kapena kukwera lole kupita kutchalitchi chachikulu, atavala zoyera, ndipo ena a iwo amaona koyamba kuti mpingo wawo ndi waukulu kuposa nyumba ya njerwa zosawotcha ya kumudzi kwawo. Kwa a ku Likoma tchalitchi chachikulucho ndi St Peter's, chimene mwala wake wa maziko unaikidwa mu 1903 pamalo otchedwa Chipyela, pamene kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti, ndipo chinapatulidwa mu 1911. M'kati mwake muli mtanda wosemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo ku Zambia, umene patsinde pake panakwiriridwa mtima wa Livingstone.

Mwambo ukatha, mayina a olimbitsidwawo amalembedwa m'kaundula, chifukwa parishi iliyonse imasunga mabuku a ubatizo, a kulimbitsa, a maukwati ndi a maliro, ndipo kwa okalamba ambiri amene anabadwa boma lisanayambe kulemba ana onse, buku la ubatizo ndilo umboni wokhawo wa chaka chimene anabadwa. Palinso buku lina losatchuka, la mapemphero ochitika, limene limakhala m'kachipinda kovalira ka tchalitchi chilichonse. M'menemo mumalembedwa tsiku, mtundu wa mapemphero, chiwerengero cha osonkhana, chiwerengero cha olandira Ukaristia, ndalama ya chopereka ndi dzina la wotsogolera. M'buku la nthambi yakutali, danga la olandira limakhala lopanda kanthu masabata atatu kapena anayi otsatizana, ndipo m'mizere yonseyo dzina losainidwa kumapeto limakhala la katekisti, kufikira mzere umene wansembe anafika.